Ophunzira sankadana ndi intaneti, ankadana ndi kakonzedwe kake

Mliri wa COVID-19 utavuta mu 2020, mayunivesite ambiri anatseka makalasi n'kusamutsira maphunziro pa mapulogalamu a pa intaneti monga Zoom, Moodle ndi Google Classroom. Madandaulo a ophunzira anachuluka, koma mukawamvetsera bwino, ambiri ankaloza kakonzedwe ka maphunzirowo.

Phunziro la maola awiri, aliyense atayatsa kamera, limatha kudya data yoposa gigabaiti imodzi. Wophunzira wa pa foni, netiweki ikungodukaduka, amaphonya pakatikati pa nkhani, ndipo pomwe akulowanso mphunzitsi ali kale pa mutu wina. Zikachitika kawiri katatu amangoleka kulowa. Ena amamuyesa waulesi, pomwe munthuyo wangotaya mtima.

Chomwe ambiri ankachikonda ndi phunziro lojambuliratu: vidiyo ya mphindi 10 kapena 15, mutu umodzi, yoti aichite dawunilodi netiweki ikakhala bwino n'kumaibwereza pomwe sanamvetse. Manotsi akhale a PDF, osati zithunzi zolemera. Nthawi yokumana pa Zoom ikhale ya mafunso okha, makamera atazimitsidwa, ndipo mphunzitsi akumbukire kuti Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40.

Mayeso ndiwo ankasowetsa mtendere kwambiri. Kupatsa munthu mphindi 30 zoti ayankhe pa intaneti n'kuyesa netiweki yake, osati zomwe akudziwa. Ndi bwino mayeso akhale otsegula kwa maola 24, mayankho azitumizidwa ngati fayilo.

Za mu labotale ndi za m'chipatala ndiye zinavutadi. Wophunzira unamwino sangadziwe kubaya jekeseni pongoonera vidiyo.