Masiku 21 amene anasanduka miyezi: mmene banja lathu linadutsira m'bindikiro ku Joni

Lolemba pa 23 Malichi 2020 madzulo tinadzazana pabalaza pa mayi eni nyumba ku Diepsloot, komboni ya ku Joni, kuonera pulezidenti Cyril Ramaphosa pa TV. Ankalankhula modekha moti aliyense anamva: kuyambira pakati pa usiku wa Lachinayi pa 26, South Africa yense akhala pa m'bindikiro masiku 21 chifukwa cha kolona. Kuntchito ayi, kukacheza ayi, kutuluka pokhapokha ukukagula chakudya, mankhwala kapena ukupita kuchipatala. Asilikali adzakhala m'misewu. Masiku okonzekera anali atatu basi.

Tinalipo anthu asanu m'zipinda ziwiri za malata kuseri kwa nyumbayo: ine, abambo akunyumba, ana athu awiri, ndi mlamu wanga amene anali atangofika kumene kuchokera ku Ntcheu kudzasaka ganyu. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, nyumba ziwiri, masiku atatu pa sabata. Abambo ankapenta nyumba za anthu, malipiro ake a tsiku ndi tsiku. Usiku umenewo tinakhuthulira ndalama zonse pabedi n'kuwerenga. Zinakwana R1,400.

M'mawa mwake ndinalawirira kusitolo. Mzere unali utazungulira kale mpanda, dzuwa linatulukira pamenepo. Nditalowa ndinagula ndi maso komanso ndi mantha, ndipo pamenepa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinanyamula matumba awiri a ufa a makilogalamu 12.5, mafuta ophikira, nyemba, soya, shuga, mchere, kabichi, tomato wambiri ndi nkhuku ziwiri. Ndalama yonse inathera pa kauntala. Ndikuika katunduyo pakona ndinaona mulu waukulu, mtima unakhala pansi. Sindinaganizeko za mayunitsi a magetsi, za foni, za sopo, ngakhale za kapampu ka mwana wathu wamng'ono amene amadwala mphumu.

Tomato anayamba kuola tsiku lachisanu. Nkhuku tinazidya mothamanga poopa kuti ziwonongeka. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinapisa dzanja m'thumba loyamba la ufa ndipo ndinakhudza pansi. Ndinangoti kakasi. Anthu akamaswera pakhomo amadya kuposa masiku onse: ana amene ankadyera kusukulu, abambo amene ankadyera kuntchito, onse tsopano ankayang'ana poto mmodzi katatu pa tsiku.

Madzulo amenewo ndinatenga kapu yathu yaikulu yachitsulo, ndinayala chitenje pansi, n'kuyamba kusamutsira ufa wa thumba lachiwiri m'ndowa, kapu imodziimodzi, mwana wamkulu akulemba timizere kuseri kwa kalendala. Makapu anakwana 50. Tinkatha makapu asanu ndi limodzi pa tsiku osadziwa. Ndinawauza abambo kuti, "Abambo, tikapitiriza chonchi ufawu sutifikitsa kumapeto." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye mutiuze, mayi, tizidya bwanji." Tinagwirizana makapu anayi: imodzi ya phala la m'mawa, itatu ya nsima ya madzulo, masana tiyi ndi buledi kwa ana, akuluakulu chimene chapezeka. Thumba limene likanatha masiku asanu ndi atatu linafika khumi ndi awiri. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse m'nyumba ndinkachiwerenga m'masiku. Nyemba, masiku angati? Mafuta, masupuni angati pa mphika? Ana ndinkawagawira poyamba, ndipo ndinawafotokozera chifukwa chake mitanda yachepa, pakuti mwana akaona amayi ake akuyeza ufa osamuuza kanthu amagona ndi mantha.

Pa 9 Epulo, mawa lake kuli Lachisanu Loyera, Ramaphosa anawonjezera masabata awiri mpaka kutha kwa mwezi. Pabalaza paja panangoti zii.

Chimene chinatitsamwitsa choyamba sichinali ufa koma magetsi. Mita inali imodzi ya pulote yonse, tinkasonkherana mabanja anayi. Aliyense ali pakhomo, mbaula zamagetsi zikuyaka tsiku lonse, mayunitsi a mwezi anatha m'masabata awiri, ndipo kunayamba kulozana zala. Nyemba ndizo zinkadya magetsi kwambiri. Mayi wina wa ku Zimbabwe, woyandikana nafe chipinda, anandiphunzitsa njira imene ndimaigwiritsabe ntchito. Nyemba uziviike m'madzi usiku wonse. M'mawa utaye madziwo, uthire ena, ziwire kwambiri mphindi 20. Kenako uphule poto wosavundukula, umukulunge m'bulangeti lochindikala, umuike m'katoni kapena m'dengu, pamwamba usanjikepo pilo. Pofika masana nyembazo zapsa zokha ndi kutentha kwa m'kati, chatsala n'kukazingira basi. Tsiku loyamba sindinakhulupirire mpaka nditafinya nyemba imodzi ndi zala n'kuona ikuphwanyika ngati mbatata.

Za madzi ndinali ndi mwayi chifukwa ndinakulira kumudzi. Mpope wa pabwalo unkatha kuuma osachenjeza, choncho zigubu ziwiri za malita 20 zinkakhala zodzaza nthawi zonse, chimodzi chakumwa, china chosamba ndi kuchapa. Mlamu anakonza mpondagiya pakhomo ndi botolo la malita asanu, chingwe ndi kamtengo, sopo atamangirira pambali. Aliyense wochokera kunja ankasamba m'manja asanagwire chitseko. Ana a pulote yonse anayamba kuukonda mpondagiyawo moti kusamba m'manja sikunafunenso kukalipirana.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa m'katikati mwa Epulo. Cha m'ma 11 koloko mwana anayamba kubanika, chifuwa chikulira ngati kamluzu, nthiti zikulowa m'kati. Ndinatenga kapampu kaja, kupopa kamodzi kanatulutsa, kachiwiri kanangoti fuu, mphepo yokha. Matekisi nthawi imeneyo ankaloledwa kuyenda maola ochepa a m'mawa ndi madzulo, usiku kunalibe. Foni yanga inalibe mayunitsi, ya abambo inali itazima. Tinkadziwa kuti bambo wina wa ku Mangochi, wa mzere wachitatu kuchokera kwathu, ali ndi galimoto, koma nambala yake panalibe amene anali nayo. Mlamu anathamanga mumdima kukagogoda, ine ndili ndi mwana pamiyendo, nditamukhazika tsonga, ndikumuuza kuti azipuma pang'onopang'ono pamodzi ndi ine. Bamboyo anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera. Anangoti, "Achemwali, kwerani, zolankhula mawa." Kuchipatala anamuika mwana pa makina opumira mankhwala ndipo kunja kukucha anali akugona bwinobwino.

Tisanachoke ndinawafotokozera anesi mmene zinachitikira, ndipo anatilembera mapampu awiri. Anandiuzanso kuti anthu a matenda a mgonagona, monga shuga, BP ndi amene amamwa ma ARV, akhoza kupempha mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi kuti asamabwerebwere. Nkhani imeneyi ndinakaifalitsa pulote yonse, chifukwa alipo amene ankadumphitsa masiku akumwa mankhwala poopa asilikali panjira, chonsecho kupita kuchipatala kunali kololedwa. Titafika kunyumba ndinang'amba katoni n'kulembapo ndi cholembera chachikulu manambala: a bambo a galimoto aja, a ambulansi, a mayi eni nyumba, a abusa, a mchimwene wanga wa ku Pretoria. Ndinakhomera pakhoma pafupi ndi chitseko. Foni imazima, katoni sazima. Ndinagulanso kavocha ka mayunitsi a foni, sindinakalowetse, ndinakabisa m'Baibulo pamodzi ndi R100 yolipirira galimoto usiku.

Ndalama inali nkhani ina. Madamu a nyumba imodzi ananditumizira theka la malipiro a Epulo osawapempha, Mulungu awadalitse. A nyumba inayo sanayankhe mauthenga anga mpaka Juni. Abambo analibiretu kalikonse. Pa 21 Epulo boma linalengeza thandizo la R350 pamwezi kwa anthu osagwira ntchito, koma ife a mapasipoti wamba silinkatikhudza. Tsiku lina ndinaima pamzere wa chakudya chaulere kuyambira 5 koloko m'mawa, nditafika kutsogolo anandifunsa chitupa cha dziko lino, ndinabwerera chimanjamanja. Panjira ndinalira, osati chifukwa cha njala yokha.

Chimene chinatigwira dzanja ndi chipereganyu chathu. Tinali amayi asanu ndi mmodzi, anayi a ku Malawi, mmodzi wa ku Zimbabwe uja, wina wa ku Tete. Tinagwirizana kuimitsa kaye kulandira mosinthana. Aliyense ankabweretsa chimene wapeza sabata imeneyo, kaya R20 kaya R50, mmodzi n'kupita kukagula thumba lalikulu la ufa, mafuta a malita asanu ndi kabichi, n'kudzagawana ndi kapu yomwe ija molingana ndi kuchuluka kwa anthu pabanja. Wopanda kanthu sabata imeneyo ankalandirabe, tinkangolemba m'kope. Kugula pamodzi kunkatsitsa mtengo, komanso munthu mmodzi yekha ndiye ankakaima pamzere wa anthu ambiri.

Za lendi ndinapita ndekha kwa mayi eni nyumba mwezi usanathe, ndisanakhale ndi ngongole. Ndinagwada pakhomo monga tichitira kwathu, ndinati, "Mama, mwezi uno yonse sitikwanitsa. Tili ndi theka, yotsalayo tizibweza pang'onopang'ono ntchito zikayamba." Nawonso ankadalira lendi yomweyo kuti adye. Anadandaula, koma anavomera, ndipo tinalemba papepala tonse n'kusainira. Amene anangokhala chete n'kumawazemba anakangana nawo koopsa.

Kumudzi amayi ankamva pa wailesi za kuno ndipo tulo sankaliona. Ku Malawi nakonso boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, mavenda anakwiya m'misika, ndipo pa 17 Epulo khoti lalikulu, kudzera mwa Justice Kenyatta Nyirenda, linauimitsa. Ndinamvetsa mkwiyo wa mavendawo kuposa mmene ndikanaumvetsera kale, pakuti ndinali nditaona ndekha tanthauzo la kutsekera m'nyumba munthu wodya za tsiku lomwelo. Kwa miyezi itatu sindinatumize kalikonse kudzera pa Mukuru. Amayi anali atangokolola, anati, "Mwanawe, za ine usadere nkhawa, nkhokwe ili ndi chimanga. Dyetsa adzukulu angawo."

Mu Meyi mabasi anayamba kunyamula Amalawi kubwerera kwathu kudzera ku Beitbridge mpaka pa Mwanza. Mlamu anaganiza zopita, ndipo nafenso tinaiganizira nkhaniyo usiku wonse. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mapepala athu anali balalabalala: pasipoti ya abambo m'thumba la ovolosi, yanga m'sutikesi, makadi a kuchipatala a ana pansi pa matiresi, kalata yobadwira ya wamng'ono tinaisaka tsiku lathunthu. Ndinazisonkhanitsa zonse m'pepala la pulasitiki lotseka bwino, ndinajambula chilichonse pa foni n'kutumiza kwa mchimwene wanga pa WhatsApp kuti akhale nazo. Mlamu anakwera basi, ife tinatsala.

Pa 1 Juni anthu ambiri analoledwa kubwerera kuntchito, ndipo matenda anachuluka mu Julayi, kuzizira kuli pachimake. Abambo anabwera tsiku lina thupi likutentha, mutu ukuwawa, nsima sakuimva kukoma. Anakayezetsa, zotsatira zinatenga masiku, koma sitinadikire. Ine ndi ana tinasamukira m'chipinda chimene ankagona mlamu, iwo anatsala okha. Mbale, kapu ndi supuni zawo tinazipatula. Chakudya ndinkasiya pampando pakhomo, ndikalowa ndinkavala masiki, windo linkakhala lotsekula ngakhale mphepo inkalasa. Anzathu anabweretsa mandimu, jinja ndi masamba a bulugamu ofukizira. Zinkawapepukitsa kukhosi ndi m'mphuno, koma ndinkadziwa kuti si mankhwala a kolona, choncho maso anga anali pa kapumidwe kawo. Anesi anali atandiuza kuti akayamba kubanika, kumva kuwawa pachifuwa kapena kusokonezeka mutu, ndisadikire kuti kuche. Usiku ndinkadzuka kawiri kukaima pakhomo kumvetsera mpweya wawo. Magetsi ankazimazimanso mwezi umenewo, ndipo abambo anapempha mbaula yamakala kuti iwafunditse. Ndinakana. Makala m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira timamva maliro otere m'makomboni muno. Ndinawapatsa mabulangeti onse ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo. Zotsatira zinabwera zoti ali nako. Anachira patatha masabata awiri, ine ndi ana sitinadwale.

Ntchito zitabwerera ndinagula ndowa ziwiri zazikulu zokhala ndi zivundikiro. Imodzi ndi ya ufa wa masabata awiri. Inayo muli nyemba, soya, usipa wouma, mchere, botolo la mafuta, sopo, makandulo, machesi, panado, kapampu kosatsegula ndi pepala la mapasipoti lija. Sindinagule tsiku limodzi, ndinkaonjezera chinthu chimodzi mwezi ukatha. Ufa sindiusiya kuti ufumbwe: ndikagula watsopano timadya wa m'ndowa, watsopanowo n'kulowa m'malo mwake, ndipo tsiku ndimalemba pachivundikiro.

Mu Januwale 2021 matenda anavuta kwathu, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anamwalira tsiku limodzi pa 12. Madzulo amenewo ndinawaimbira amayi. Ndinawafunsa kuti mankhwala awo a BP atsala a masiku angati. Anati sakudziwa. Ndinati, "Amayi, tengani botololo, muthire m'mbale, tiwerengere limodzi." Anawerenga mokweza pa foni mpaka 9. M'mawa mwake mdzukulu wawo anawakweza pa kabaza kupita kuchipatala kukatenga ena, atanyamula kapepala ka manambala kamene ndinamuuza kuti alembe.