Mavenda akana tikiti: sabata yanga pa khonsolo

Msonkhano wa Lolemba m'mawa ku ofesi ya bwana DC unali ndi nkhani imodzi yokha: ndalama za m'misika sizikulowa monga zinkalowera Covid-19 isanabwere. Ine ndili ku nthambi ya chitukuko cha m'madera, sindidulitsa ziphaso, koma anthu akayambana ndi khonsolo otumidwa timakhala ife. Anandiuza kuti ndipite ku msika wina waukulu wa kumudzi ndikamve chomwe mavenda akukanira tikiti. Galimoto panalibe. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti kumapeto kwa Meyi 2022, ndipo ndalama ya mafuta yomwe tinaika mu bajeti yoyamba mu Epulo inachepa mphamvu. Ndinatenga njinga yamoto ya ofesi.

Lachiwiri linali tsiku la msika. Pachipata ndinapeza ndowa zampopi zija tinagawa mu 2020 kuti anthu azisamba m'manja. Ziwiri zinang'ambika ndi dzuwa, ina mayi wina akugulitsiramo thobwa, kampopi kake kakugwira ntchito bwinobwino. Chimbudzi cha msika chinali chokhoma ndi loko wadzimbiri, ndipo aliyense yemwe ndinamufunsa za kiyi analoza mnzake.

A tcheya a msika, bambo wogulitsa usipa, sanazungulire. "Bwana, tikiti ife sitikuikana. Koma nthawi ya korona odulitsa anu anasiya kubwera, zinyalala zinaunjikana, ife tinayamba kusonkherana tokha n'kulemba mnyamata wosesa. Mpaka lero timamulipira ndife. Ndiye tizilipira kawiri?" Anatulutsa kope la sukulu m'thumba la jekete, momwe amalemba dzina la aliyense wosonkha, tsiku ndi ndalama yake. Kunena zoona, kope limenelo linali lolongosoka kuposa mabuku ena omwe ndinawaonapo mu ofesi.

Anthu a m'misika anaphunzirapo kanthu mu Epulo 2020. Boma litalengeza kuti dziko litsekedwa kwa masiku 21 kuyambira pa 18, mavenda anatuluka m'misewu kufunsa kuti adya chiyani, ndipo pa 17 khothi lalikulu linaimitsa ganizolo. Kuchokera pamenepo sachita mantha kufunsa. Ndipo funso lomwe silisowa pa msonkhano uliwonse ndi la K6.2 biliyoni ya korona ija. Mu Febuluwale 2021 Pulezidenti Chakwera anaimitsa ntchito ma DC ndi akuluakulu ena chifukwa cha ndalamayo, kafukufuku n'kudzaonetsa kuti ina inapita m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko. Ukavala malaya olembedwa dzina la khonsolo, mlandu umenewo umausenza, kaya unalawako kaya ayi. Mnyamata wina wa kabaza anandikuwira kuti, "Alawansi ya lero mwasayinira kale, bwana?" Anzake anaseka, nanenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Tsiku lovuta linali Lachitatu, pa msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, ku bwalo la mfumuyo. Unayamba mochedwa chifukwa ma VDC ena, makomiti a chitukuko a m'midzi, sanatumize munthu. Malamulo ochepetsa anthu pa misonkhano anatha kalekale, koma makomiti ambiri a m'midzi sanadzukenso. Ena nthawi yawo yokhala pa mpando inatha mliri uli mkati ndipo chisankho sichinachitike, ena mlembi anapita ku Joni ndi buku lomwe. Mapulani a chitukuko amayenera kuchokera ku VDC, kudzera ku ADC, n'kukafika ku khonsolo. Pansi pakakhala zii, pamwamba amangolemba zomwe akuganiza, kenako n'kudabwa kuti anthu sakubwera kudzaumba njerwa.

Amayi a mother group, gulu lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu, ndiwo anabwera okonzeka. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 n'kuyamba kutsegulidwa mu Sepitembala, ndipo miyezi imeneyo atsikana ambiri anatenga mimba, ena anakwatiwa. Mayi wotsogolera gululo anafotokoza kuti ena anawabweza ku sukulu, pakuti lamulo limalola mtsikana kubwerera akabereka, koma sakhalitsa. Mwana akadwala amajomba, anzake amamutcha "make uje" m'kalasi, ndipo pasukulupo palibe chipinda choti atsikana adzisamalirepo akakhala kumwezi. Anapempha chipinda chimenecho. A Gulupu ena anaimirira, n'kuwomba m'manja kaye kwa mfumu, nati, "Zikomo Gogo. Ife maukwati a ana tinathetsa, makolo tinawalipiritsa mbuzi. Koma mwana tikamubweza kwa makolo omwe alibe chakudya, kodi sabwereranso kwa mwamuna yemwe uja?" Panalibe woyankha msanga.

Kenako nkhani inalowa ku CDF, ndalama ya chitukuko ya m'madera a aphungu, yomwe mu 2022 inakwera kufika K100 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Woimira olemekezeka a phungu ankafuna mlatho, a khansala ankafuna chipinda cha atsikana ndi mjigo. Mlathowo ndi wofunikadi, mvula ya namondwe Ana mu Januwale 2022 inakokolola zambiri. Koma ndinaona kuti anthu ankatchera khutu kwambiri a khansala akamalankhula. Sikuti ndi odziwa kulankhula ayi, amachita chibwibwi pang'ono. Nkhani ndi yoti nthawi yomwe maliro ankaikidwa mwachangu, anthu ochepa, opanda nsima, iwo ankafika ndi masiki awo n'kukhala ndi anamfedwa. Ena tonse tinali m'maofesi kudikira malangizo ochokera ku Capital Hill. Anagwirizana zotumiza zonse ziwiri ku khonsolo, chipinda cha atsikana patsogolo.

Lachinayi ndinatsagana ndi alangizi a zaumoyo omwe ankayenda ndi katemera. Chiyambire Malichi 2021 katemera wa korona anali ndi mphekesera zake, ndipo zinali zitakhudza ndi wa poliyo yemwe: amayi ena ankabisa ana poganiza kuti madontho aja ndi korona yemweyo. Mkulu wina anati korona inali ya anthu a m'tauni okwera ndege. Mlangizi anamukumbutsa kuti pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama a maboma ang'ono ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi. Mkuluyo anati, "Eya, si ndanena, a m'tauni." Kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 ndiyo anaiopa, ndipo za mpondagiya ndi kolorini anamvetsera bwino.

Lachisanu ndinapereka lipoti. Ndinapempha zinthu zing'onozing'ono: chimbudzi chitsegulidwe tisanatumizenso odulitsa ziphaso, mnyamata wosesa uja khonsolo imutenge, ndipo mwezi uliwonse tizimata pachipata cha msika pepala loonetsa ndalama zomwe zatoleredwa ndi zomwe zabwerera kumsikako. Mkulu wina wa zachuma anati pepalalo lidzangoutsa mapiri pachigwa. Bwana DC anati tiyese msika umodzi womwewo kwa miyezi itatu, koma nkhani ya wosesa idikire komiti ya zachuma. Za loko anati ndikagule watsopano ndi ndalama yanga, ndidzabweretse lisiti. Ndawaimbira a tcheya kuti apeze munthu wa sowo, Lachiwiri likubwerali tikadule wakaleyo.