Msakanizo wanga woyamba wa asphalt unandibweza ku sefa

Atandipatsa ntchito yokonza msakanizo wa asphalt (miyala yosakaniza ndi phula) wa msewu wodutsa mathiraki olemera, ndinkaona ngati nkhani yonse yagona pa kupeza mulingo wa phula. Ku miyala ndinangoyambirako chifukwa ndondomeko imatero.

Kukwale kunachokera matumba anayi: miyala ya mamilimita 19, ina yocheperako, fumbi la kwale ndi mchenga. Ndinaziumitsa mu uvuni pa madigiri 110, n'kuzisefa kuyambira pa sefa ya maso akuluakulu mpaka ya mamilimita 0.075, imene imangodutsitsa fumbi losalala ngati phulusa. Miyala ina ndinaiponya m'makina a Los Angeles, mgolo wachitsulo umene umazungulira maulendo 500 ndi mipira yachitsulo m'kati kuti tione ngati miyalayo imanyenyeka. Inapirira bwino. Phula linali la 60/70, kutanthauza kuti pa madigiri 25 singano yolemera magalamu 100 imalowamo mamilimita 6 mpaka 7 m'masekondi asanu.

Tinatsata njira ya Marshall, imene Bruce Marshall anaiyambitsa ku Mississippi cha m'ma 1939. Umasankha milingo isanu ya phula yosiyana ndi theka la peresenti (ine ndinayambira pa 4.0 kufika pa 6.0), ndipo pa mulingo uliwonse umaumba masampulo atatu. Onse pamodzi 15. Sampulo iliyonse imadya miyala pafupifupi magalamu 1,200, ndipo miyala, phula ndi chikombole chomwe ziyenera kukhala zotentha, cha m'ma madigiri 150. Ukangozengereza posakaniza, phula limayamba kulimba miyala ina ikadali mbuu. Pansi pa chikombole umayala kapepala kozungulira, n'kuthira, kubayabaya ndi kampeni maulendo 15 m'mbali ndi 10 pakati, kenako hamala. Imalemera makilogalamu 4.5, imagwa kuchokera pa mamilimita 457, ndipo pa msewu wa magalimoto olemera umamenya maulendo 75 mbali iliyonse. Yathu inali yapamanja. Werengerani nokha: maulendo 2,250, mapewa akuchita kuyaka moto.

M'mawa mwake, masampulo atazizira, ndinawayeza pasikelo: ali ouma, ali m'madzi, ndiponso nditawapukuta ndi kathawulo konyowa. Msakanizo wina wosatsendera ndinaupopa mpweya wonse, muyeso umene timautcha wa Rice. Ukayerekeza ziwirizi umadziwa mpweya umene watsala m'sampulo, ndipo chimene timafuna ndi 4 peresenti. Kenako masampulo anakhala m'madzi a madigiri 60 kwa mphindi 30 mpaka 40, n'kupita kumakina amene amafinya pa liwiro la mamilimita 50.8 pa mphindi. Stability, mphamvu imene sampulo imapirira isanagonje, iyenera kuposa 8 kN (makilonyutoni, muyeso wa mphamvu). Flow, kupindika kwake, ikhale pakati pa mamilimita 2 ndi 3.5.

Stability yanga inakwera kuposa pamenepo ndithu, ndipo ndinapita nayo kwa mkulu wa labu ndikumwetulira. Iwo pa nambala imeneyo sanachedwepo. Chala chawo chinakaima pa VMA, mpata wonse umene umatsala pakati pa miyala ikatsenderedwa, moti phula ndi mpweya zikhalemo. Pa miyala ya mamilimita 19 mpatawu usachepere 13 peresenti. Wanga unaperewera.

“Achimwene, miyala yanuyi yathinana kwambiri,” anatero. “Phulalo mulilowetsa pati?”

Apa m'pamene ndinamvetsa. Mpweya wa 4 peresenti ndinaupezadi, koma pa phula lochepa kwambiri. Phula likachepa limangopaka miyala pamwamba, dzuwa ndi mpweya n'kuliumitsa msanga. Ming'alu imayamba, madzi n'kulowa, miyala n'kumathothoka. Ukati uwonjezere phula pa miyala yothinana chomwecho, mpweya umatsika kupitirira 3 peresenti, ndiye kukatentha phula limatulukira pamwamba, matayala a mathiraki n'kukumba timigula mumsewu. Kulikonse ndikanalowera kunali kugwa. Vuto linali mchenga wozungulira uja ndi fumbi lochuluka, zimene zinatseka timipata tonse.

Ndinabwerera ku sefa. Ndinachepetsa mchenga, n'kuwonjezera miyala yoswedwa ya m'mbali zakuthwa, ndi kusamala kuti fumbi lodutsa pa 0.075 poyerekeza ndi phula likhale pakati pa 0.6 ndi 1.2. Masampulo ena 15, hamala yomwe ija. Stability inatsikako pang'ono, zimene kunena zoona zinandiwawa, koma VMA inakwana ndipo mpweya wa 4 peresenti unapezeka pa phula lokwanira.

Kunatsala kuyesa ngati msakanizowo umapirira madzi. Masampulo onyika ayenera kusunga 80 peresenti ya mphamvu ya ouma. Anga analephera, ndipo nditaswa imodzi ndinapeza miyala ina ili yoyera, phula litasupuka. Tinathira laimu 1 peresenti, n'kubwereza, ndipo zinatheka.

Milingoyo ndinaitumiza kumakina osakanizira. Thiraki yoyamba itadzaza ndinakwera ndi fosholo, n'kutapako msakanizo wofuka utsi, kubwerera nawo ku labu kukasungunula phula ndi kusefanso miyala.