Ulendo wa ku Likoma: mlungu wake umayendera sitima

Chilumba cha Likoma ndi chaching'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, ndipo chili m'madzi a mbali ya Mozambique ngakhale ndi boma la Malawi. Mukaima pagombe la kum'mawa mumaona bwinobwino mapiri a ku Cobué, ku Mozambique. Ku Nkhata Bay, komwe ambiri amakwerera, ndi kutali kwambiri kuyerekeza ndi tsidya la Mozambique. Choncho pokonza ulendowu yambani ndi funso la sitima ndi mphepo. Za kogona muziona pambuyo.

Sitima yodziwika ndi Ilala, yomwe inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Imazungulira kamodzi pa mlungu pakati pa Monkey Bay ndi doko la Chilumba ku Karonga, ndipo imaima pa Likoma ndi pa chilumba choyandikana nacho cha Chizumulu popita kumpoto komanso pobwerera. Apa ndi pamene pali masamu. Mukatsika pamene ikupita kumpoto, muli ndi masiku ochepa isanabwerere. Mukaiphonya, mudikira mlungu wina kapena musaka maboti ena ochokera ku Nkhata Bay. Nthawi yolembedwa pa ndondomeko musaidalire kwenikweni. Pa doko lililonse pamatsika matumba a chimanga, simenti, malata, makreti a zakumwa, ndipo ntchitoyi ikachedwa malo amodzi, madoko onse otsatira achedwa. Sitimayi imakhalanso ndi nthawi yopita kokakonzedwa, ndiye imbani foni ku malo amene mukagone mufunse ngati ikuyenda mlungu umenewo. Musagule tikiti ya ndege yonyamuka ku Lilongwe tsiku lotsatira tsiku lomwe mukuyembekeza kuchoka pachilumba.

Mu Ilala muli makalasi. Pansi ndi potchipa koma pamadzaza anthu, katundu ndi fungo la nsomba zouma. Pamwamba pali mpweya ndipo ambiri amagona pamatiresi pamtetete. Tengani juzi, chifukwa usiku panyanja kumazizira ngakhale mu Okutobala. Zipinda zogona ndi zochepa, zimafuna kusungitsa msanga. Pamalo pomwe sitima imaima patali ndi gombe, monga pa Chizumulu, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zina mumdima, ndipo pofika kumtunda mumaponda m'madzi. Foni, ndalama ndi ziphaso zikulungeni m'pulasitiki, muvale nsapato zosaopa kunyowa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imautsa mafunde aakulu. Nyengo imeneyi boti laling'ono lodzaza mopitirira muyezo musalikwere, ngakhale mwiniwake akulimbitseni mtima chotani. Amene ali ndi ndalama amabwera pa ndege zazing'ono kuchokera ku Lilongwe, ulendo wa pafupifupi ola limodzi.

Kuti mumvetse chifukwa chimene Likoma ndi Malawi, pitani ku Chipyela pomwe pali tchalitchi cha St Peter's. Amishoni a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, akufuna malo otetezeka ku nkhondo ndi malonda a akapolo a kumtunda. William Percival Johnson ankayenda ndi sitima ya mishoni kulalikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, pomwe Chauncy Maples, amene anadzakhala bishopu, anamira m'nyanjayi mu 1895. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire, kukhalapo kwa amishoniwa n'komwe kunasiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi. Tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1903 ndipo chinatha mu 1911, pamalo pomwe kale ankaotcherapo anthu owaganizira ufiti. Kukula kwake kumadabwitsa pa kachilumba kotere, mamita pafupifupi 100 m'litali. Yang'anitsitsani mipando ya kwaya yosemedwa pamwala wofewa, magalasi a m'mawindo, ndi mtanda wopangidwa ndi thabwa la mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, komwe anakwirira mtima wa David Livingstone. Tsiku labwino ndi Lamulungu m'mawa, nthawi ya mapemphero. Valani modzilemekeza, ndipo pemphani kaye musanajambule anthu. Sukulu za mishoni ndi chipatala cha St Peter's ndizo zinachititsa kuti Likoma itulutse aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki ambiri omwe anafalikira dziko lonse.

Chilumba chonse mutha kuchiyenda wapansi, pakati pa milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango. Dzuwa la masana ndi loopsa, ndiye nyamukani mbandakucha kapena kwerani kabaza wa njinga yamoto. Mtengo mugwirizane musanakwere.

Pa zakudya, nthaka ya ku Likoma ndi yamiyala ndi mchenga, salima chimanga chokwanira. Ufa, shuga, tomato wambiri ndi kabichi zimabwera pa sitima, choncho mitengo ndi yokwererapo ndipo msika wa ku Mbamba, tawuni ya pachilumbachi, umadzaza tsiku la sitima n'kumachepa zinthu masiku otsatira. Chakudya chenicheni cha kuno ndi kondowole wa chinangwa ndi nsomba: usipa, utaka, kampango, ndipo mwamwayi chambo. Kondowole wabwino amachokera ku chinangwa choviikidwa masiku angapo ndi kuyanikidwa mpaka kuuma. Chikapanda kuuma bwino ufa umanunkha chuku. Ngati simunamuzolowere, yambani ndi mtanda umodzi, amakhalitsa m'mimba. Nsomba gulani m'mawa asodzi akamakocheza kuchokera kokawedza usiku ndi nyali. M'malesitilanti ang'onoang'ono itanitsiranitu chakudya ola limodzi kapena awiri, poti ambiri amaphika munthu akaitanitsa.

Kogona kulipo kwa thumba lililonse. Kaya Mawa ndi ya anthu olemera, mitengo yake ndi ya madola. Mango Drift imalandira achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana, ndipo mutha kukhoma tenti. Ulisa Bay Lodge ili pakatikati. Ku Mbamba kuli maresitihausi otchipa. Musanalipire onani ngati muli neti yosabooka ndiponso ngati madzi akutuluka. Mufunsenso ngati adzakutengani pa doko, chifukwa kufika usiku ndi katundu popanda wokudikirani ndi chintchito.

Ndalama tengerani ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay zokwanira masiku onse ndi ena awiri apadera. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma ma ejenti amatha kukhala opanda ndalama zokupatsani, ndipo netiweki imagwa. Posambira sankhani malo a miyala kapena mchenga woyera pomwe madzi akuyenda, pewani m'mabango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mukabwerera kumudzi kayezetseni pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Ofuna kuolokera ku Cobué atenge pasipoti n'kuyamba adindisa ku ofesi ya Immigration pachilumba pomwepo asanakwere boti.