Masiku asanu opanda imelo pa nyumba yathu ya alendo

Nyumba yathu yogona alendo ili ku Chembe, ku Cape Maclear. Tinayamba ndi zipinda ziwiri, ine ndi mayi a kunyumba, pano zilipo zisanu ndi chimodzi. Alendo ambiri amasungitsa malo pa imelo asanakwere n'komwe ndege, ndiye dzina lathu la pa intaneti, lothera ndi .mw, ndilo khomo limene ndalama imalowera. Timalilipira chaka ndi chaka, chifukwa dzina lotere sumagula kuti likhale lako mpaka kale, umachita lendi.

Chaka chatha tinasamutsira webusaiti yathu ku kampani ina yotchipirako. Tsamba linkatseguka bwinobwino, zithunzi za nyanja zili mbee. Koma imelo inangoti zii. Tsiku loyamba ndinati mwina ndi nyengo chabe. Pofika tsiku lachisanu, mlendo wina anaimba foni kudandaula kuti makalata ake akungobwerera. Mtima unandipweteka, poganiza za ena amene sanaimbe, anangopita kukagona kwina.

Mphwanga amene amaphunzira za makompyuta ku Zomba ndiye anabwera. Anatsegula laputopu pakhonde nati, "Malume, dzina lili bwino, cholakwika chili mu DNS." Anandifotokozera kuti dzina ndi la ife anthu, makompyuta amadziwana ndi manambala otchedwa IP address, ndipo DNS ndi kaundula amene amalumikiza ziwirizi. Anandilozera mizere pa sikirini. Mzere wa A record umanena nambala ya kompyuta imene ikusunga webusaiti, ndipo umenewu anali atausintha bwino. Mzere wa MX record ndi umene umauza dziko lonse kokatula makalata athu. Umenewu posamuka unatsala, panalibe.

Kuulemba sikunatenge ndi mphindi zisanu zomwe. Ine ndinafuna makalata ayambe kulowa pompo, koma iye anati tidikire, chifukwa makompyuta ena amasunga yankho lakale kwa kanthawi. Anandionetsa kabokosi kolembedwa TTL, kosonyeza kutalika kwa kanthawiko, momwe munali 3600, kutanthauza masekondi, ola limodzi lathunthu. Tinamwa tiyi tikuyang'ana foni, mpaka kalata yoyamba inalowa dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi.

Usiku womwewo tinapezanso kuti dzinalo linalembetsedwa m'dzina la mnyamata amene anatikonzera webusaiti poyamba. Tinalankhula naye, tinalisinthira ku dzina la bizinesi. Mizere yonse ya DNS ndinaikopera pamanja m'buku lathu la maakaunti, tsamba lomaliza, pamodzi ndi tsiku lolipira lendi ya dzinalo.