Sabata yomanga manetiweki opeka ku Mzuzu

Sabata yathayi ntchito yanga mu ofesi yathu ku Luwinga inali yokonza deta yopeka yoti tiyesere pulogalamu yofananitsa manetiweki awiri (netiweki pano ndi gulu la anthu pamodzi ndi zilumikizo zosonyeza amene amalumikizana ndi mnzake). Pulogalamuyi imalandira makaundula a mabungwe awiri othandiza alimi amodzimodzi, ndipo imayesa kuzindikira kuti mlimi uyu m'kaundula woyamba ndi uti m'kaundula wachiwiri, poona anthu amene aliyense amalumikizana nawo. Sitikanayamba ndi deta yeniyeni, chifukwa lamulo loteteza deta la 2024 limafuna kuti mbiri za anthu zisamalidwe, komanso chifukwa pa deta yeniyeni yankho lolondola sitilidziwa, choncho sitingaone pamene pulogalamu yaphonya.

Lolemba ndinamanga netiweki imodzi ndi NetworkX, chida cha pakompyuta chomangira manetiweki, ndinapanga makope ake awiri, kenako ndinachotsa zilumikizo mwachisawawa m'kope lililonse palokha, kuyambira 5 peresenti mpaka 25 peresenti, monga amachitira ofufuza poyesa njira zofananitsira manetiweki a mapuloteni. Ndinasakanizanso manambala a anthuwo, popeza pulogalamu ikhoza kupeza yankho pongotsata mndandanda ngati makope onse awiri asiyidwa m'dongosolo limodzi.

Nkhani yaikulu inali kusankha mtundu wa netiweki, ndipo inanditengera mpaka Lachinayi. Njira yomangira netiweki ya akatswiri a masamu Erdős ndi Rényi ya 1959 imapatsa anthu awiri alionse mwayi wofanana wolumikizana, koma alimi athu sakhala motero. Ya Barabási ndi Albert ya 1999 imayandikirako, chifukwa wobwera kumene amakonda kulumikizana ndi amene ali kale ndi anthu ambiri, ndiye pamatuluka anthu ochepa odziwika kwambiri ngati alangizi ndi alimi otsogolera. Komabe njirayi siipanga magulu. Pomaliza ndinatenga stochastic block model, yomwe imachulukitsa zilumikizo mkati mwa gulu ndi kuzichepetsa pakati pa magulu, ndipo ndinawonjezeramo alangizi ochepa.

Apa zotsatira za pulogalamu zinatsika ndithu. Mnzanga amene anailemba anadandaula: "Achimwene, mwaiumitsa dala deta imeneyi." Titayang'ana limodzi tinapeza kuti mbali ina ananena zoona. Alimi awiri amene amalumikizana ndi mlangizi mmodzi yekha basi ndi ofanana kotheratu pa netiweki, ndipo palibe pulogalamu imene ingawasiyanitse popanda dzina kapena mudzi. Tinagwirizana kuti anthu otere aziwerengedwa padera. Koma kufewetsa deta yotsalayo ndinakana, chifukwa kaundula akalakwika mlimi weniweni akhoza kulembedwa kawiri pamene mnzake wasowa dzina pa tsiku lolandira zipangizo.

Lachisanu ndinalemba seed (nambala imene kompyuta imayambirapo posankha mwachisawawa) ya netiweki iliyonse pamodzi ndi yankho lake lolondola, kuti aliyense mu ofesi athe kupanganso deta yomweyo. Sabata ya mawa tiyamba kuchotsa anthu ena m'kope limodzi, popeza makaundula enieni sakhala ndi alimi ofanana ndendende.