Mndandanda wa mbuzi

Pa khadi langa la kuntchito analemba kuti mlangizi wa chitukuko, koma kumudzi amangonditcha "a mbuzi". Mwana akamva kulira kwa njinga yanga yamoto amathamangira kwa amake akufuula kuti a mbuzi abwera. Poyamba zinkandinyansa, lero ndimangovomera. Ndimagwira ntchito kunthambi ya chitukuko ya mpingo wathu kuno ku Blantyre, ndipo dera langa lili kupitirira Chileka, mbali ya kwa Kunthembwe, komwe nthaka ndi yamiyala ndipo mitengo inathera m'matumba a makala opita ku Ndirande ndi ku Chirimba.

Lolemba ndilibe zambiri zoti ndinene. Mmawa ndinali pa kompyuta kudzaza mafomu a abale athu a mipingo ya kunja omwe amatumiza ndalama, masana ndinali pamzere wa mafuta. Bajeti ya pulojekiti yathu yogawa mbuzi inalembedwa m'makwacha ndalama yathu isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mbuzi zomwe tinalonjeza papepala ndi zina, zomwe tinakwanitsa kugula ndi zina. N'chifukwa chake mbuzi iliyonse yomwe yabadwa kumudzi timaiwerenga ngati mwana wa munthu.

Ndondomeko yake imayenda chonchi. Banja limalandira mbuzi zazikazi ziwiri, tonde ndi wa gulu lonse. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo ana aakazi oyamba akaleka kuyamwa amapita ku banja lina, nalonso lidzapatsira lina. Lamulo lathu lalikulu n'lakuti wolandira akhale atamanga kale khola la m'mwamba, lija loyala timitengo mosiya mipata kuti ndowe zizigwera pansi, mbuzi zisamagone pachinyontho. Lamuloli ndinkalinyadira mpaka Lachiwiri lapitali.

Tsikulo tinakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mlembi wa komiti anandipatsira pepala la mabanja 15 oti alandire mbuzi za gawo lachiwiri. Ndinawerenga kamodzi, ndinabwerezanso. Maina 12 anali a anthu a mpingo wathu. Atatu mwa iwo anali a khomo limodzi ndi mkulu wina wa mpingo: mlongo wake, mkamwini wake, ndi mdzukulu wake yemwe wangokwatira kumene.

"Bambo mkulu, kodi m'mudzi muno osauka onse amapemphera kwathu?" ndinafunsa moseka kuti ndisawachititse manyazi pagulu.

Iwo sanaseke. "Alangizi, tinalengeza m'tchalitchi milungu itatu yotsatizana. Amene anamanga makola ndi amenewa. Lamulo la khola munabweretsa ndinu, si ife."

Ndinasowa poyankha, chifukwa sananame. Uthenga unalengezedwa paguwa, ndiye anaumva ndi omwe anali m'tchalitchi. Khola limafuna milimo, misomali, udzu ndi mwamuna wamphamvu woti akhome, ndiye anamanga ndi omwe ali nazo zimenezo. Palibe anaba, palibe anapereka chiphuphu, komabe mndandanda unatuluka wokhota. Ndinapempha kuti tisaperekeretu mbuzi, andipatse masiku atatu. Anthu anabalalika akung'ung'udza, ndipo wina ndinamumva akuti a m'tauni amakonda kuvutitsa.

Lachitatu ndinasiya njinga kwa amfumu n'kuyenda wapansi khomo ndi khomo limodzi ndi mayi wina wa Mvano, yemwe amadziwa nyumba iliyonse chifukwa cha ntchito yoyendera odwala. Apa ndi pomwe mpingo umaposa mabungwe ena, kunena zoona. Bungwe limabwera ndi galimoto, pakatha zaka zitatu limapakira n'kumapita. Mayi wa Mvano amakhala pompo, amadziwa yemwe wagona ndi njala, yemwe wasiya kumwa ma ARV, yemwe mwamuna wake anapita ku Joni osatumizanso kanthu. Vuto n'lakuti pokonza mndandanda palibe anamufunsa.

Kumapeto kwa mudzi, kufupi ndi khwawa, tinafika pa anganga ena omwe akulera zidzukulu zinayi. Nyumba yawo yeniyeni inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ambiri akamakumbuka Freddy amanena za Chilobwe ndi phiri la Soche, komwe matope anakwirira anthu, koma kumidzi nako nyumba za zidina zinasungunuka mwakachetechete, popanda makamera. Angangawa akugona m'kanyumba komwe kanali khitchini. Denga ndi udzu wakale wosanjika pa pulasitiki wakuda wong'ambika, chitseko ndi thumba la feteleza. Pamafuwa panali kam'phika ka mango osapsa owiritsa. Nkhokwe palibe, pali malo pomwe inali. Chilala cha 2024, chija boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinawapeza asanadzuke n'komwe.

Tinawadikira ola lathunthu chifukwa anali ku ganyu yogalauza m'munda mwa munthu wina, munda wawo uli chikhalire. Ndi momwe umphawi wadzaoneni umadzibalira: nthawi yokonza munda wako ukukonza wa mnzako kuti upeze ufa wa lero, ndiye chaka chamawa udzakolola zochepa, udzabwereranso ku ganyu.

"Anganga, za mbuzi munamva?"

"Ndinamva pamjigo, mwanangu. Koma amati n'za a tchalitchi. Ine kwathu n'kumzikiti."

Ndinawauza kuti mbuzizo n'za mudzi wonse. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Ndisakunamize. Ukandipatsa mbuzi lero, Febuluwale ndigulitsa. Ana akamalira njala sungawauze kuti dikirani mbuzi iswe."

Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi, palibe anandiuzapo chilungamo choterocho. Ena amagulitsa n'kumanena kuti fisi wagwira. Ndinafunsa za Mtukula Pakhomo, anati sali m'kaundula. Ndalama imeneyo imafikira mabanja ochepa, pafupifupi khumi mwa 100 aliwonse, osaukitsitsa komanso opanda wogwira ntchito, ndiye m'mudzi ngati uno oyenera amachuluka kuposa malo. Tsiku limenelo tinapeza makomo asanu ndi limodzi a mtundu womwewo. Palibe ngakhale mmodzi anabwera ku msonkhano wa Lachiwiri.

Lachinayi linali tsiku la banki m'khonde, gawo la ntchito yathu lomwe limayenda lokha. Bokosi lachitsulo lili ndi maloko atatu, makiyi amasunga amayi atatu osiyana, bokosilo limagona kwa wachinayi. Amagula masheya, amakongozana pa chiwongoladzanja chomwe anagwirizana okha, wochedwa amalipira chindapusa, ndipo mu Disembala amagawana, nthawi yomwe feteleza ndi mbewu zikufunika. Mayi wina yemwe anayamba ndi beseni la zitumbuwa lero ali ndi malata pa nyumba. Ndinakhala pampando ndikuonera akuwerenga ndalama mokweza, koma mutu wanga unali kukhwawa kuja. Kuti ulowe banki m'khonde uyenera kukhala ndi kena kake koti usunge sabata iliyonse. Anganga aja asunga chiyani? Ntchito zathu zambiri zimakweza munthu yemwe wayamba kale kukwawa. Wogona pansi zimamudumpha, ife n'kulemba mu lipoti kuti tafikira osaukitsitsa.

Masana ndinadutsa pamjigo womwe unasiya kutulutsa madzi masabata awiri apitawo. Chinafa ndi kalabala kam'kati kotchipa ndithu, koma thumba la komiti linali lopanda kanthu chifukwa anthu anasiya kusonkha. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lisonkhe pofika Lamulungu. Za mijigo ndingalembe tsiku lina.

Lachisanu ndinapita kwa abusa mmamawa ndi pepala langa la makomo asanu ndi limodzi. Ndinali ndi mantha, chifukwa mkulu wa mpingo uja ndi amene anapereka njerwa zomangira nyumba ya abusa, ndipo aliyense amadziwa. Abusa anawerenga, anavula magalasi, anati, "Achimwene, Mishoni ya Blantyre itayamba mu 1876 panali sukulu ndi chipatala. Wodwala ankamufunsa kalata ya ubatizo?" Anatuma mwana kukaitana amfumu, ashehe, ndi komiti yonse.

Msonkhano unatha maola anayi ndipo sunali wokoma. Mkulu uja anati tikumunyoza pa ntchito yomwe wagwira mwaulere zaka ziwiri, ndipo pamenepo anali ndi mfundo: ndi iyeyo amene amayendera makola mvula ikugwa, popanda alawansi. Amfumu anati iwo anauzidwa za mbuzi mndandanda utatha kale. Ashehe anangoti, "Ife tinkaona ngati si zathu, n'chifukwa chake sitinafunse." Ine ndinavomera pagulu kuti lamulo la khola ndinalibweretsa osaganizira nkhalamba ndi amayi amasiye.

Zomwe tinagwirizana si zonse zomwe ndinkafuna. Maina anayi anachoka n'kudikira gawo lachitatu, kuphatikizapo mdzukulu wongokwatira uja. Makomo anayi mwa asanu ndi limodzi analowa, awiri atsala. Kuyambira pano zolengeza zizidutsa kwa amfumu, kumzikiti ndi m'matchalitchi onse, osati paguwa lathu lokha. Achinyamata a mpingo amanga makola a omwe sangathe. Pa nkhani ya Febuluwale, amayi a Mvano anati pa chimanga cha masika chomwe Akhristu amapereka akakolola apatulako choti chizipita ku makomo anayiwo mwezi ndi mwezi kuyambira Januwale mpaka Malichi, kuti mbuzi isagulitsidwe. Ngati chikwane, tidzaona nthawi yake ikafika. Mkulu uja anachoka osandipatsa moni.

Loweruka si tsiku langa la ntchito, koma ndinapitabe. Anyamata asanu ndi awiri anali atazika kale nsanamira pakhomo pa anganga, mmodzi wa iwo ndi mwana wa mkulu yemweyo. Misomali inatha khola lili pakati, wina anakwera kabaza kukafuna ina. Podikira ndinayamba kuwafotokozera anganga za manyowa a Mbeya: ndowe, phulusa, madeya ndi feteleza pang'ono, kusakaniza ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Anandidula pakamwa.

"Ana a mbuzi wati ndidzapereka kwa ena. Nanga ndowezo, nazonso n'zopatsirana?"

"Ayi anganga, ndowe n'zanu."

Anaitana mdzukulu wamkulu n'kumuuza kuti asese bwinobwino pansi pa kholalo, achotsepo miyala.